Mpata umene ndinasiya pakati pa ine ndi Tereza

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene tinayamba kuphunzira Chingerezi, ndipo mpaka lero alipo mawu anayi a chiyankhulo chimenechi amene ndikawamva mtima umandiwira. Si mawu otukwana ayi. Ndi timawu wamba timene mwana wa sexta, kalasi yachisanu ndi chimodzi, amaloweza lero, mawa n'kuiwala. Koma ine timawuti ndinatiphunzira pathupi pa mnzanga, ndipo tsiku limene ndinatiphunzira ndi lomwenso mnzangayo anatsanzikana ndi sukulu. Anthu amati mtima wanga ndi wapachala, sindikana. Koma pankhani iyi musandiuze kuti ndiugwire mtima, chifukwa woyamba kumukwiyira ndi ine ndemwe.

Sukulu yathu inali kuseri kwa phiri, ulendo wa ola lathunthu kuchokera pamsika wa Domwe. Ana tinali ambiri, makaritera, madesiki athu okhalapo, ochepa. Karitera imodzi anaikhomera ana atatu, koma tinkathinanapo asanu, wa kumapeto atakhalira thako limodzi. Wochedwa ankakhala pansi, ndipo amene akudziwa chisanu cha kwathu akudziwanso kuti simenti ya m'mawa imaluma mpaka m'mafupa. Malo a pa karitera ana ankaswerana milomo.

Tereza anali mwana wa aPhiri, oyandikana nafe nyumba. Madimba athu anagundana malire, ndipo ife tinakula ngati ana a mimba imodzi. M'mawa amayi ake ankatiotchera mbatata za kachewere, ife n'kuzifumbata m'manja mwa majuzi kuti zitifunditse zala panjira, kenako n'kuzidya zitazizira pakhomo la kalasi. Pa masamu panalibe womupambana, ndi anyamata omwe. Ine ndinkangokopera kwa iye, sindibisa. Iye ankati akadzakula adzakhala namwino. Ine ndinalibe n'loto lomwe, changa chinali kulongolola.

Patchuthi cha pakati pa chaka tinali kudimba awiriwiri, tikuthirira kabichi. Tereza anangotaya ndowa, n'kuyang'ana kumwamba ngati wina wamuitana, basi khu! pansi. Thupi linauma gwa, kenako linayamba kuphiriphitha, thovu likutuluka kukamwa. Anagwera m'mphepete mwa chitsime. Ndinamukoka miyendo kumuchotsa pamenepo, ndinaika mutu wake pamiyendo panga, ndinamupukuta thovulo ndi chitenje changa, ndikulira n'kumamuitana dzina. Atatsitsimuka anandifunsa kuti ndowa ili kuti. Tinapangana kuti tisauze munthu, ndipo sindinauze munthu.

Koma matenda sabisika. Patapita masabata awiri anagwanso, ulendo uno kukhitchini kwawo, dzanja lamanzere n'kulowa pamoto. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamva kuti mwana wa aPhiri ali ndi khunyu.

Amayi anga, aNambewe, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Sanali munthu woipa amayi anga, mzimu wawo uuse mumtendere, koma tsiku limenelo anandiuza bodza limene nawonso anauzidwa ndi amayi awo.

"Joakina, tamvera kuno. Nthenda imeneyi imatuluka munthu akagwa n'kuphwisa. Ukaupuma mpweya umenewo, basi, yalowa mwa iwe. Chikho chimodzi ayi, mphasa imodzi ayi, kusukulu usakhale naye pafupi. Ndikadzangomva kuti wakhala naye, udzandidziwa."

"Nanga munthu atamugwira atagwa?" ndinafunsa.

"Wamugwira ndani?"

"Ayi, ndimangofunsa."

Masiku atatu ndinayenda ndikudzimvetsera m'thupi, ndikudikira kuti nanenso ndigwe. Sindinagwe. Sabata inatha, ina inabwera, ine bwinobwino, ndikudya mpaka kunyambita mbale. Mutu wanga, ngakhale unali wa mwana, unaona ndithu kuti nkhani ya amayi ija ikutsimphina. Koma ndinatseka pakamwa.

Sukulu itatsegulidwa Tereza anabwera, dzanja atalimanga nsalu yoyera. Analowa n'kukhala pamalo pake pa masiku onse, pa karitera yathu ya pafupi ndi zenera. Anzathu atatu amene tinkakhala nawo ananyamuka nthawi yomweyo ngati pagwera njoka. Ine ndinatsalako pang'ono, mwina kupuma kawiri kapena katatu, kenako ndinanamizira kuti ndagwetsa lapisi yanga yolembera. Ndinatsikira pansi kukaitola, osabwereranso. Kuyambira tsiku limenelo, m'kalasi mmene ana ankamenyanirana kachidutswa ka thabwa munali karitera imodzi ya mwana mmodzi. A makaritera oyandikana anakankhira awo kutali, mpaka pomuzungulira panatsala bwalo. Ife tikunjenjemera pasimenti, thabwa lili pomwepo lopanda munthu. Uchitsiru wake umenewo, abale!

Panjira ndinkayenda nayebe, koma mwakuba. Ndinkamudikira kuseri kwa tchalitchi kumene amayi sangatione, n'kuyenda naye mpaka pamitengo ya bulugama imene inali chapafupi ndi sukulu. Tikafika pamenepo ndinkati ndikufuna kupatuka kaye, iye azitsogola. Tsiku ndi tsiku chikhodzodzo changa chinkadzadzira pa bulugama pomwepo. Tereza sanali wopusa, koma sanandifunsepo.

Tsiku lina pobwerera anaima pakati pa njira n'kundiuza kuti kwawo zinthu zavuta. Abambo ake anali atanena kuti mwana wodwala alibe chochita kusukulu, bola apite kwa amalume ake ku Lifidzi kumene kunali sing'anga wodziwa matendawa. Amayi ake anachonderera kuti amusiye kaye alembe purova, mayeso a kumapeto kwa chaka, chifukwa akangoikhoza ndiye kuti njira ya sukulu yatseguka. APhiri anavomera monyinyirika, koma anati tsiku limene adzabwerenso pakhomo akulira, limenelo ndi lomaliza.

"Ndiye ndimalirira kumtsinje, n'kusamba m'maso ndisanafike kunyumba," anatero Tereza. "Joakina, sindikukupempha kuti tidyere mbale imodzi. Ungokhala pa karitera paja, ngakhale kumapeto kwenikweni. Akakuona iwe, enanso abwera."

"Mawa ndikhala," ndinatero.

Ndinalumbira ndithu, chala kumwamba. M'mawa mwake ndinalowa m'kalasi, ndinayang'ana karitera ija, ndinayang'ana maso a anzanga, ndinakakhala pasimenti. Pobwerera ndinati mawa. Masabata atatu anatha ndikumudyetsa mawa.

Wotiphunzitsa Chingerezi anali aPurofesora Kalisito, bambo wamtali, wa mawu ngati ng'oma. Anakulira ku Malawi, mbali ya Dedza, kumene makolo awo anathawira nthawi ya nkhondo, ndipo Chingerezi ankachinyadira kuposa njinga yawo. Buku linali limodzi, lawo lomwelo, choncho ankaphunzitsa ndi chilichonse chimene dzanja lawo lagwira: botolo, chipewa, mwala, mwana. Ankakonda kunena kuti aliyense amene akufuna kudzagulitsa mbatata kutsidya kwa malire osapusitsidwa, atsegule makutu. Ana ankawakonda, nanenso ndinkawakonda.

Lachinayi lina m'mawa, nkhungu isanachoke m'phiri, analemba pa kwaduru, bolodi la m'kalasi, ndi choko mawu anayi: *next to*, *beside*, *alongside*, *side by side*. Anati ife timangoti pambali kapena moyandikana, Apwitikizi amati *ao lado*, koma Angerezi ali ndi mawu angapo ndipo aliwonse ali ndi pake pogwira ntchito. Anatenga botolo n'kuliika pafupi ndi chipewa chawo patebulo. Anati imeneyo ndiyo *next to*, chinthu kutsatana ndi chinzake popanda china pakati. Botolo silichidziwa chipewa, chipewa sichilidziwa botolo, zangopezeka pamodzi basi. *Beside* anati sasiyana kwenikweni ndi oyambawo, koma amamveka bwino ponena za munthu amene wakhala pambali pa mnzake, monga mayi pambali pa mwana wake. *Alongside* anati ndi kutsatana m'litali, monga ngalande imene imayenda m'mbali mwa msewu, kapena galu amene akuthamanga m'mbali mwa ngolo.

"Koma awa," anatero akugogoda mawu omaliza ndi choko, "awa ndi a anthu awiri ofanana. Phewa ndi phewa, nkhope kumodzi, ngati ng'ombe pagoli. Palibe wotsogola, palibe wotsalira."

Kenako anayamba kuitana ana awiriawiri kutsogolo. Akatchula mawu, anawo aziima monga mawuwo akunenera, kalasi yonse n'kubwereza mokweza. Zinali zosangalatsa, tinaseka, ena ankasokoneza dala kuti awakoke khutu. Magulu anayi kapena asanu atadutsa, aPurofesora anapukuta manja n'kuyang'ana kuzenera.

"Tereza, bwera kuno."

Tereza anadzuka pang'onopang'ono, dzanja lomanga lija atalibisa kumbuyo, n'kukaima kutsogolo.

"Ndani abwere adzaime ndi Tereza?"

Palibe anatukula mutu. Ena ankayang'ana zala za kumapazi, ena mwadzidzidzi anapeza zofunika kwambiri m'makaderno awo olembamo. APurofesora anayendetsa maso mzere ndi mzere mpaka anandipeza pamene ndinadzipanikiza kuseri kwa msana wa mnzanga.

"Joakina. Si mnzako uyu? Dzuka."

Ndinadzuka. Ndinakaima kutsogoloko, koma patali, poti ngakhale nditatambasula dzanja sindikanamukhudza.

"*Next to*," anatero aPurofesora. Anayang'ana mpata umene ndinasiya, n'kupukusa mutu. "Apa ngolo ikhoza kudutsa ndi ng'ombe zake zomwe. Sendera."

Kalasi inaseka. Ndinasendera pang'ono.

"*Beside*. Senderanso."

Ndinasenderanso. Tsopano ndinkamva fungo la mankhwala amene anamupaka pachilonda, losakanikirana ndi la utsi wa m'juzi lake, fungo limene ndinkalidziwa kuyambira ndili wamng'ono.

"*Side by side*. Phewa ligunde phewa, ndatero!"

Phewa langa linagunda lake. Osatembenuza mutu, Tereza ananong'ona mawu amodzi okha, oti ndimve ine ndekha: "Zikomo."

Nthawi yomweyo kumbuyo kwa kalasi mnyamata wina dzina lake Zakariya, wosamva ngati mwala, anaika pakamwa pake pamkono n'kuuzira. Phokoso lake mukulidziwa. Wina anakuwa kuti, "Waphwisa! Thawani!"

Apa ndikufuna ndinene mosapsatira, chifukwa zaka zambiri ndinkadzinamiza. Phokoso lija linachokera kumbuyo, ndipo makutu anga anamva kuti lachokera kumbuyo. Tereza sanagwe, anali chiimire, phewa lake pa langa. Komanso ine ndinali mwana yekhayo m'kalasi monse amene ndinamugwirapo atagwa osatenga kanthu. Zonsezi ndinkazidziwa. Koma ndinaona ana makumimakumi atatsegula pakamwa, akudikira kuti aone ngati aseke Tereza yekha kapena aseke tonse awiri. Ndinalumpha. Ndinagwira mphuno, ndinagunda tebulo, botolo lija n'kugwa n'kusweka, ine liwiro mpaka panja. Ndinakaima pamtengo wa mbendera, dzanja likadali pamphuno. Ine Joakina, mwana wa aNambewe, ndinachita zimenezo, palibe anandikankha.

Kalasi inaphulika ndi chikhakhali. Ena ankamenya makaritera, ena ankatsanzira kuthamanga kwanga. Ndinasuzumira pazenera. Tereza anali pomwe anamuimika paja, nkhope kutsogolo, manja m'mbali, ngati akudikirabe kuti aPurofesora atchule mawu ena. APurofesora ankakalipa, mawu awo a ng'oma aja osamveka n'komwe. Kenako Tereza anapita pa karitera yake, anatola kaderno ndi lapisi, n'kutuluka. Anadutsa pafupi nane osandiyang'ana. Misozi inayamba atafika pa bulugama. Tsiku limenelo sanapatukire kumtsinje kukasamba m'maso, anangolunjika kunyumba.

Zakariya anadya ndodo ya pichesi mpaka kukodzera kabudula. Ine aPurofesora ananditsekera m'kalasi anzanga ataweruka. Anandipatsa choko n'kunena kuti ndidzaze kwaduru lonse ndi mawu anayi aja, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndinalemba mpaka zala kuchita dzanzi, iwo atakhala patebulo, chipewa pabondo. Nditamaliza anadzuka n'kuwerenga mzere ndi mzere.

"Palibe cholakwika ngakhale chimodzi," anatero. "Dzanja lako lawadziwa mawuwa. Matenda aja sapatsirana, Joakina. Ndimayesa iwe undithandiza kuwaonetsa anzako. Fufuta, uzipita."

Nthawi imeneyo ndinangolira ndi manyazi. Koma lero, pamene nanenso ndili ndi zaka zimene iwo anali nazo, ndimawakwiyira aPurofesora Kalisito, ndipo ndimawakwiyira kwambiri. Iwo ankadziwa kuti matendawa sapatsirana. Nanga masabata onse aja anali kuti? Ankalowa m'kalasi tsiku ndi tsiku, ankaliona bwalo lija lozungulira mwana, n'kumaphunzitsa za botolo ndi chipewa. Chinawaletsa n'chiyani kukhala okha pa karitera paja, kumwera chikho cha Tereza ana onse akuona? Chinawaletsa n'chiyani kukwera njinga yawo yonyaditsa ija, kupita kwa aPhiri ndi kwa amayi anga, kukayankhula nawo ngati akuluakulu anzawo? Iyayi, anasankha njira yachidule. Nkhondo ya mudzi wonse anaisenzetsa kamtsikana ka zaka khumi ndi ziwiri, mwana wodwala n'kumuimika kutsogolo ngati chipangizo chophunzitsira. Cholinga chinali chabwino, anthu amatero. Asa! Cholinga chabwino chimenecho Tereza anapindula nacho chiyani?

Nditafika kunyumba nkhani inali itandipitirira kale. Amayi anandilandira pakhomo akumwetulira, anandisisita kumutu, anati ndachita bwino, mwana womvera amatero. Anandikazingira mazira awiri, chinthu chimene pakhomo pathu chinkachitika mlendo akabwera. Ndinadya. Ndikanakonda kukuuzani kuti anandikanika kukhosi, koma ndinadya onse awiri, uku kutsidya kwa mpanda kukumveka mawu a aPhiri akuti, "Ndinanena ine! Ndinanena kapena sindinanene?"

Loweruka m'mawa anamukweza pakaliyala ya njinga, kamtolo ka zovala pamiyendo, abambo ake akupalasa. Amayi ake anawaperekeza mpaka pamsewu akulira ngati pachitika maliro. Ine ndinaonera pampata wa mpanda wa udzu. Mwendo umodzi unkafuna kuthamanga, koma ndikanakanena chiyani? Njinga inatsika chitunda, inakhota pamunda wa nyemba, sindinaionenso.

Karitera ija inakhala masiku awiri yopanda munthu. Tsiku lachitatu makolo ena anabwera kudzadandaula kuti ana awo akukhala pansi thabwa lilipo. Anagwirizana kuti itulutsidwe panja, ikwechedwe ndi phulusa ndi mchenga, ikhale padzuwa mpaka nthenda ichoke. Palibe mphunzitsi anatsutsa, ndi aPurofesora Kalisito omwe. Italowanso m'kalasi ana anaithamangira ngati nkhuku pamadeya, ndipo amene anapeza malo abwino a pazenera, malo enieni a Tereza, munganene kuti anali ndani? Ine. Ndinali ndi zigongono zakuthwa. Purova ya kumapeto kwa chaka ndinalembera pomwepo, ndipo ndinakhoza.

Zaka zinapita. Ndinamaliza sukulu, ndinachita maphunziro a uphunzitsi, ndipo poti moyo umadziwa kuseka munthu, lero ndimadya za Chingerezi chomwecho. Chaka chilichonse phunziro lija limabwera, ndipo ndimaliphunzitsa ndi mabotolo ndi miyala basi, mwana sindimuimika kutsogolo. Za Tereza ndinkangomva kwa amayi ake: sing'anga analephera, Tereza anakwatiwa, anabereka ana awiri, mwamuna anamusiya atagwa pamaso pa alendo. Tereza akabwera kudzaona makolo ake, ine ndinkapeza chochita kudimba. Nditakula ndinkapeza chochita kutawuni ya Ulongwe. Mantha a munthu wolakwa sakalamba.

Chaka chatha mphunzitsi mnzanga anataya amayi ake, ndipo tinapita kukaika maliro ku Lifidzi. Masana, tikudikira kuti azibambo abwere kuchokera kokumba manda, azimayi tinakhala pamphasa pansi pa mtengo, titathinana miyendo kugundana monga timachitira pamaliro. Chakumapeto, patali pang'ono ndi mphasa zonse, panali mayi wina atakhala yekha pathumba lake. Wogawa thobwa atafika pamenepo, mayiyo anamasula kapu ya pulasitiki pachitenje, anaiika pansi, n'kubweza dzanja. Wogawayo anathira ali chiimire, osaikhudza kapuyo. Dzanja limene linabwezedwalo linali ndi chipsera kuyambira pachikhatho mpaka pachigongono.

Ndinadzuka, ndinadumpha miyendo ya anthu osapepesa n'komwe, ndinakaima patsogolo pake.

"Tereza."

Anatukula mutu, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anawomba m'manja mwaulemu. "APurofesora. Mwaswera bwanji? Kunyumba ali bwanji?"

Munthu amene tinkalimbirana mbatata imodzi, lero akunditchula inu! Bola akananditukwana. Ndinakhala pansi pathumba lake lomwelo. Iye anasendera. Ndinasendera kumutsata, iye anasenderanso, mpaka anatsika pathumba n'kukhala padothi.

"Musade nkhawa, sindigwa," anatero motsitsa mawu. "Ndimamwa mapiritsi a kuchipatala, papita zaka ndisanagwe. Koma anthu akukuonani."

"Aone! Maso ndi awo," ndinatero mokweza, mpaka azimayi ena anacheuka. Ndinkafuna wina angoyerekeza kutsegula pakamwa kuti ndimusambitse chokweza pamaliro pomwepo. Palibe anayankhula. Ukali wanga wonse uja unafika mochedwa ndi zaka makumi awiri, ndipo panalibe amene ankaufuna.

Ndinayamba kupepesa. Mawu amene ndinawakonza zaka zonsezi anatuluka opindikapindika, za Zakariya, za amayi anga, za umwana. Anandimvetsera akuzunguza thobwa m'kapu mwake. Nditatha anangoti, "Munali mwana," ngati mmene munthu amanenera kuti kunja kukuzizira. Kumanda kunayamba kumveka nyimbo, azimayi anayamba kudzuka n'kumakonza zitenje. Ndipamene anatembenuka, maso ake atawala pang'ono ngati kale, n'kundifunsa.

"Purova ija inali yovuta? Masamu anabwera otani?"

Ndinatsegula pakamwa. Ndinafufuza m'mutu monse, ngakhale funso limodzi lokha loti ndimupatse. Munalibe. Ine ndinailemba purovayo n'kuiiwala sabata yomweyo. Iye sanaione n'komwe, ndipo anayenda nayo zaka zonsezi, pokwatiwa, pobereka, posiyidwa, akudzifunsa ngati akanaikhoza.

"Ukanakhoza," ndinatero. "Ukanatiposa tonse."

"Kaya," anatero. Anatsanula thobwa lotsala, anamangirira kapu yake pachitenje, anapinda thumba, n'kutsatira anthu kumanda, ali kumbuyo kwa onse.

Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti Tereza sanachotsedwe sukulu ndi matenda a khunyu. Matendawo anali ndi mapiritsi ake kuchipatala nthawi yonseyi. Anachotsedwa ndi ife athanzi: amayi anga ndi bodza lawo lachikondi, aPhiri ndi manyazi awo, aPurofesora ndi njira yawo yachidule, Zakariya ndi mkono wake. Onsewa ndimawakwiyira, ndipo sindinakonzeke kuleka. Koma ndikawerenga mayina onsewa n'kufika kumapeto, mkwiyo umabwerera pakhomo panga. Tereza sanapemphe kalasi yonse kuti imukonde, sanapemphe aPurofesora kuti amumenyere nkhondo, sanapemphe amayi anga kuti asinthe maganizo. Anapempha munthu mmodzi, ndipo munthuyo ndinali ine.